Luso la ambuya pakhonde

Mwana wa zaka zitatu akadzigwetsa m'fumbi n'kuyamba kuphupha, ambirife timamuopseza kapena kumutseka pakamwa ndi chitumbuwa. Ambuya ena amene ndinawaona m'mudzi wina kufupi ndi Sinda sachita zimenezo.

Tsikulo ankaswa nsawa pakhonde. Mdzukulu wawo anali atalandidwa kumene msana wa mayi ake ndi khanda, ndipo analira mpaka mawu kusasa. Ambuyawo sanadzuke. Anangosendeza lichero, n'kumuitana monga amachitira agogo achichewa poseleula ndi mdzukulu wamwamuna: "Amuna anga, tabwerani kuno." Atafika anamugwira pachifuwa. "Pano pakutentha eti? Kumeneku ndiye kupsa mtima. Nanga mukamaona mng'ono wanu ali kumbuyo kwa amayi? Imeneyo ndi nsanje. Inenso inandigwirapo."

Chimene ndimasirira ndi ndondomeko yake. Anayamba ndi dzanja, kuloza pamene pakupweteka. Dzina la chinthucho linabwera pambuyo, ndipo chilangizo anachisungira madzulo. Mwana amene akusisima samva malamulo, koma dzanja amalimva. Chichewa nachonso chimawathandiza, poti pafupifupi chilichonse chimadutsa pamtima: mtima umapsa, umasweka, umakhala m'mwamba, kenako umakhala pansi. Mwana amatha kuloza malo ake asanadziwe kutchula liwulo.

Madzulo, "tili tonse" atayankhidwa, anaimitsa nthano pakati n'kufunsa: "Fisi atapusitsidwa ndi Kalulu anamva bwanji?" Mwana wina anati manyazi, wina anati mkwiyo. Sanatsutse aliyense. Mnyamata uja anati, "Nsanje, ambuya," akumwetulira ngati watola ndalama.

Mantha amawasamala chimodzimodzi. Kumapeto kwa Ogasiti, anthu akamapita ku Mkaika ku Katete ku mwambo wa Kulamba wa Kalonga Gawa Undi, ana ena amaona Gule Wamkulu koyamba n'kubisala m'chitenje. Ambuyawo sanena kuti mwamuna salira. Amati, "Mukuopa, ndaona. Gwirani chala changa."

Kuyambira cha m'ma 2014 boma la Zambia lakhala likutsegula makalasi a ana aang'ono m'masukulu a pulayimale, ndipo ndi chinthu chabwino. Koma aphunzitsi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, musanapachike pakhoma zithunzi za nkhope zoseka ndi zolira, pitani mukakhale pakhonde la ambuya otere masana amodzi. Mukawaitanenso kuti adzafotokoze nthano m'kalasi mwanu.