Mawu Oti "Nambala Yosagawika": Umboni wa 2,147,483,647

Pomasulira nkhani za masamu, alembi ena amagwiritsa ntchito mawu oti "nambala yosagawika" potchula magulu awiri osiyana. Gulu loyamba ndi la manambala monga 9, 15 ndi 21, amene ukawagawa ndi 2 pamatsala 1. Gulu lachiwiri ndi la manambala monga 7, 13 ndi 31, amene sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni. Ife tikuona kuti chizolowezi chimenechi chikusocheretsa ophunzira, ndipo tikufuna kuchiyesa ndi nambala imodzi yaikulu: 2,147,483,647.

Poiwerenga timati mabiliyoni awiri, mamiliyoni 147, zikwi 483 ndi 647. Imapezeka motere: tikalemba 2 kokwana 31 n'kuchulukitsa onsewo, timapeza 2,147,483,648, tikachotsapo 1, yatsalayo ndiyo nambala yathuyi. Manambala opangidwa mwa njira imeneyi amadziwika ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France, amene mu 1644 anaika nambalayi pa mndandanda wa manambala a gulu lachiwiri lija. Anadzatsimikizira zimenezi ndi Leonhard Euler mu 1772. Mwa manambala a Mersenne a m'gulu limeneli, iyi ndi yachisanu ndi chitatu.

Tsono mlembi akanena kuti 2,147,483,647 ndi "yosagawika", akutanthauza chiyani? Ngati akunena zoti siigawika ndi 2, mwana wa Sitandade 4 angathe kuona zimenezo poyang'ana 7 wakumapetoyo. Koma ngati akunena zoti palibe nambala ina yoigawa, ndiye kuti akukamba za ntchito imene inafuna katswiri ngati Euler. Si bwino kuti nzeru ziwiri zotalikirana chotere zibisale m'mawu amodzi.

Taonaninso 2,047. Nayonso ndi ya Mersenne, pakuti imapezeka polemba 2 kokwana 11, kuchulukitsa, n'kuchotsapo 1. Siigawika ndi 2, komabe 23 kuchulukitsa ndi 89 yankho lake ndi 2,047 yemweyo. Mphunzitsi amene wauza ana kuti nambalayi ndi "yosagawika" wanena zoona mbali imodzi, wanama mbali inayo. Nayenso 2 amatitsutsa: amagawika pawiri bwinobwino, koma ali m'gulu limodzi ndi 7 ndi 13.

Wina angati nambala yotereyi ilibe ntchito kwa ife. Si choncho ayi. M'mapulogalamu ambiri a kompyuta, 2,147,483,647 ndiyo malire a nambala imene ingasungidwe m'malo amodzi. Makina amene amawerenga masekondi mwa njira imeneyi kuyambira pa 1 Januwale 1970 adzafika pa malirewa pa 19 Januwale 2038. Atolankhani adzalemba nkhani imeneyi, ndipo adzafuna mawu olongosoka.

Maganizo athu ndi awa. Mawu oti "nambala yosagawika" asungidwire gulu lachiwiri lokha. Gulu loyamba litchedwe "manambala osiya imodzi", chifukwa ukaika zinthu ziwiriziwiri, chimodzi chimatsala chopanda chinzake. Motero 2,047 ndi yosiya imodzi chabe, 2 ndi yosagawika chabe, pamene 2,147,483,647 ili m'magulu onse awiri.

Tikupempha aphunzitsi a masamu kuti ayese mawuwa m'kalasi, kenaka atilembere kutiuza m'mene ana awamvera. Mawu amene mwana sangathe kusiyanitsa nawo 2,047 ndi 2,147,483,647 sayenera kulowa m'buku.