Fupa Silifumbwa, Koma Ng'oma

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga inatsegulidwa mu Novembala 2004 ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, itamangidwa ndi thandizo la European Union. Mutu wa chionetsero chake ndi wokoma kuumva: ulendo wa dziko lino kuchokera ku zinyama zakalekale zotchedwa dinosaur kufikira ku demokalase. Komatu ulendowu uli ndi mwini bwalo mmodzi, Malawisaurus, chinyama chimene mafupa ake anafukulidwa m'boma lomweli. Pambali pake anthu amatchulanso chibwano cha munthu wakale chimene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha mu 1991. Mwana wasukulu akalowa, maso amathera pamenepo. Sindimudzudzula mwanayo.

Nkhawa yanga ili pa tsiku limene nyumbayi idzakonzedwe, pakuti nyumba iliyonse ikapyola zaka 20 imafuna mmisiri. Ndikuopa kuti ndalama zidzatsata kutchuka. Fupa limene linasanduka mwala lapirira zaka mamiliyoni. Silidziwa chiswe kapena anankafumbwe. Chimene chimafa msanga ndi ntchito ya manja a Angonde ndi Atumbuka: ng'oma, mphasa, dengu, nsalu, chosema, chithunzi chojambula ndi utoto. Karonga ndi kotentha, ndipo m'dzinja chinyontho cha m'mbali mwa nyanja chimalowa paliponse. Mtengo umafufuma m'dzinja, nkuuma m'chilimwe, mapeto ake umang'aluka. Chikopa cha ng'oma chimachita nkhungu. Dzuwa likamawomba pa nsalu tsiku ndi tsiku, utoto umafwifwa ndipo subwereranso.

Mankhwala ake si odula monga ena amaganizira. Makina oziziritsa mpweya ndimawakayikira, chifukwa magetsi akathima kutentha kumabwerera mwadzidzidzi, ndipo kusinthasintha kotereku ndiko kumawononga kwambiri. Denga losadontha, mpweya woyenda bwino, makatani otchinga dzuwa ndi mabokosi agalasi otseka bwino zingachite zambiri. Tisaiwalenso zivomerezi za mu Disembala 2009 zimene zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga. Mbiya yongoikidwa pa shelefu m'dera lotere ikudikira tsiku lake, imafuna chotchinjiriza.

Kaonetsedwe nakonso nkofunika kukaganizira. Amene anafikako ku Chamare Museum ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anasonkhanitsa zigoba za Gule Wamkulu, akudziwa kuti chosema chimalankhula chikapatsidwa malo ndi mawu ochifotokoza. Zovala za mapenenga ndi ng'oma za ndingala ziyenera ulemu womwewo, osati kukhala zokometsera m'mbali mwa chinyama. Pa chilichonse palembedwe mudzi umene chinachokera ndi dzina la mmisiri ngati likudziwika, m'Chingonde ndi m'Chitumbuka momwe, kuti gogo wa ku Mpata akabwera ndi mdzukulu wake awerenge yekha, ndi kutsutsa ngati olemba analakwitsa.