"Mizere" Kapena "Miyalo"? Mawu Ofotokozera Zithunzi za Matanthwe

Akatswiri a miyala amajambula phiri chigawochigawo n'kulumikiza zithunzizo kuti lonse lioneke pamodzi. Ena pofotokoza ntchitoyi amalemba kuti "chithunzi chachikulu cha mizere ya miyala". Mawuwa ngosokeretsa pawiri.

Choyamba, chimene chimasiyanitsa chithunzichi ndi zinzake si kukula ayi, koma kutambalala. Motero tiziti "chithunzi chotambalala".

Chachiwiri, liwu loti "mzere" silinena mmene thanthwe linapangikira. Munthu ataima pa Mishoni ya Domasi, imene Church of Scotland inakhazikitsa mu 1884, n'kujambula mapiri a Zomba ndi Malosa, mizere idzaonekadi. Komatu imeneyo ndi ming'alu chabe, pakuti matanthwe ake a syenite ndi granite anachokera ku mwala wosungunuka umene unazizirira pansi pa nthaka. Ku Uraha, m'boma la Karonga, n'kosiyana: matope ndi mchenga zinkasanjikizana pang'onopang'ono, zakale pansi, zatsopano pamwamba. M'menemo ndimo munapezeka chibwano cha munthu wamakedzana cha zaka zoposa 2 miliyoni mu 1991. Zosanjikizanazi n'zimene ziyenera kutchedwa "miyalo", kuchokera ku mneni "yala".

Wina angatsutse kuti "miyalo" ndi "miyala" akusiyana lembo limodzi lokha. Nanga "dzino" ndi "dzina" anasokonezapo yani?

Mphunzitsi wochokera ku koleji ya Domasi akatenga liwu limodzi la zinthu ziwiri, ophunzira ake adzayamba kuwerengera zaka pa mng'alu uliwonse.