Amisiri a Tindege ku Kasungu

Mlimi wa fodya wa ku Kasungu sadzaza balani asanaone ngati ng'anjo ikutentha bwino. Mtima womwewo ndi umene ndimagoma nawo mwa amisiri a madroni pabwalo la ndege la Kasungu, pomwe boma ndi UNICEF adatsegula malo oyeserako tindege topanda munthu mkati mu Juni 2017, makilomita 40 mbali zonse za bwalolo.

Anthu amathamangira kukaona kandege kali m'mwamba. Ine changa ndi ntchito ya pansi. Kamera yoona kutentha, ya mtundu womwe ndege zankhondo zimaonera usiku, amayamba ailozetsa pa chitsulo chotenthetsedwa pa mlingo wodziwika. Ikanama pamenepo, m'mitambo idzanamanso. Batire, mapiko, GPS, zonse amazipenda mosapupuluma, dzuwa likuswa mtengo, ana ataima chapatali kudikira.

Mu Novembala 2017 kandege ka EcoMalawi, kopangidwa ndi ophunzira a kuno mothandizidwa ndi yunivesite ya Virginia Tech, kadauluka makilomita 19 kuchokera ku chipatala cha Gogode kudzatera pabwalopo. Kadanyamula zongoyerekeza, osati magazi enieni a ana opita kukayezedwa. Kakadagwera m'munda wa fodya, palibe mwana akadabayidwanso kachiwiri.