Wophunzitsa Aphunzitsidwa: Maganizo pa Buku la Bambo Donovan

Mabuku ambiri onena za amishoni amayenda njira imodzi. Wansembe achoka kwao, awoloka nyanja, apirira malungo ndi njala, ndipo potsiriza awerenga anthu amene wawabatiza. Buku la Bambo Vincent Donovan lotchedwa Christianity Rediscovered, ndiye kuti Chikhristu chopezekanso, limene linasindikizidwa mu 1978, linatsata njira ina. M'bukuli amene alandira mphatso yaikulu ndi mmishoniyo, ndipo opatsa ndi oweta ng'ombe amene anali asanabatizidwe. Nchifukwa chake tafuna kulisanthula pa tsamba lino, tiyamike zoyenera kuyamika, titchulenso pamene tikuona kuti mlembi sanaponde bwino.

Bambo Donovan anali wansembe wa ku America, wa chipani cha Mzimu Woyera. Anatumikira ku Tanzania zaka 17, nabwerera kwao mu 1973, ndipo anamwalira mu 2000. M'mwezi wa May 1966, ali pa mishoni ya Loliondo pakati pa Amasai, analembera kalata Ambuye Episkopi ao. M'kalatamo anadandaula kuti mishoni inali ndi masukulu ndi chipatala, ansembe anali kuthamanga usana ndi usiku kunyamula odwala pa galimoto, komabe panalibe Mmasai wamkulu ngakhale mmodzi wopemphera monga mkhristu. Tsono anapempha chilolezo choti asiye zonsezi, apite ku midzi chimanjamanja, akangokamba ndi anthu za Mulungu. Anayamba kuyendera midzi ingapo sabata ndi sabata, mamawa ng'ombe zisanatuluke m'khola, kwa nthawi yonga chaka chathunthu.

Kukoma mtima koyamba kumene anakupeza ndi kwakuti anthuwo anamlandira ndi kumumvera, ngakhale sanabwere ndi mankhwala, fodya kapena shuga. Mkulu wina dzina lake Ndangoya atamva cholinga cha ulendowo, anangodabwa kuti ngati amishoni anabwerera zimenezi, anachedweranji zaka zonsezo osazinena. Funso limeneli likubaya mtima kuposa ulaliki wautali, ndipo mlembi anachita bwino kulisiya lokha popanda kudziteteza. Amasai anali kumdziwa kale Mulungu ndi dzina lakuti Engai, anali kupemphera, anali ndi miyambo yao yoyanjanitsa anthu okangana. Mlendoyo anapeza kuti Mwini munda anali atafika kale m'mundamo.

Mtima wa buku lonse uli pa nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya tsiku losankha oyenera ubatizo. Bambo Donovan anachita monga anazolowera: uyu wadziwa katekisimu, uyu anali kujomba, uyu saonetsa chikhulupiriro chokwanira. Ndangoya anawadula mawu, nawafunsa chifukwa chimene anali kugawira anthu a mudzi umodzi. Anafotokoza kuti chaka chonsecho, wansembe akachoka, iwo anali kukambirana mawuwo usiku pa moto. Ochenjera anali kuthandiza osamva msanga, achangu anali kukoka aulesi, ndipo a chikhulupiriro champhamvu anali kunyamula ofooka. Mudzi wonse unali kukhulupirira pamodzi. Wansembe uja anagonja, nawabatiza.

Ena powerenga adzati apa chiphunzitso chinapeputsidwa, pakuti munthu aliyense ayenera kuvomera yekha. Ife tikuona kuti mkulu uja anayandikira kwambiri Mthenga Wabwino. Pa mutu 2 wa Marko Woyera, anthu anayi ananyamula mnzao wopuwala, nasasula denga, ndipo Yesu anayang'ana chikhulupiriro cha onyamulawo. Ifenso timabatiza makanda m'chikhulupiriro cha Eklezia, makolo ndi aimiriri akuyankha m'malo mwao. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo miphakati yathu inamangidwa pa nzeru yomweyo. Chimene mmishoni wochokera ku dziko la yense-payekha anali ataiwala, oweta ng'ombe anamkumbutsa.

Nkhani yachiwiri ndi ya mkango. Bambo Donovan sabisa kuti iwonso anali ndi masiku a mdima, pamene chikhulupiriro chao chinali kugwedezeka. Tsiku lina akukambirana ndi mkulu wina za kuvuta kwa kukhulupirira, mkuluyo anadzudzula liwu limene iwo anasankha pomasulira chikhulupiriro. Anati liwulo likufanana ndi mlenje woombera nyama ali patali, wogwiritsa diso ndi chala chokha, pamene kukhulupirira kwenikweni kufanana ndi mkango umene usaka ndi thupi lonse, mphuno, makutu, miyendo ndi mphamvu zonse. Kenaka anatembenuza fanizolo: Amasai sanafunefune wansembe, sanafunefunenso Mulungu, ndi Mulungu amene anawalondola mpaka kuwapeza, choncho mkango weniweni ndi Mulungu. Munthu amene anabwera kudzaphunzitsa anatonthozedwa ndi wophunzira wake. Pamenepa bukuli lafika pa nsonga, ndipo tikuvomereza kuti masamba ochepa a mabuku a zaumishoni amafika pamenepo.

Tiyamikenso kukhulupirika kwa mlembi. Akusimba poyera za mudzi umodzi umene, utamva zonse kwa chaka, unakana ubatizo mwaulemu. Iye sanaunyoze, sanaunyengerere ndi mphatso. Anauthokoza nachoka ndi mtima wosweka. Akusimbanso za kamtolo ka udzu wauwisi, chizindikiro cha mtendere kwa Amasai, kamene kanali kupatsirana dzanja ndi dzanja m'mudzi Misa isanachitike. Wina akakana kukalandira chifukwa cha chidani, tsiku limenelo Ukaristia sunali kuchitika. Mabanja athu amene amapita ku Misa m'bale ndi m'bale osalankhulana chifukwa cha malire a munda angaphunzire zambiri pa udzu umenewu.

Komabe bukuli lili ndi zofooka, ndipo kuzibisa kungakhale kusalemekeza mlembi amene anakonda chilungamo. Choyamba, Bambo Donovan apeputsa masukulu ndi zipatala mopitirira muyeso, ngati kuti zinali nyambo chabe yokopera anthu. Nzoona kuti nthawi zina zinagwiritsidwa ntchito motero. Koma ife a kuno, amene tikudziwa za chipatala cha akhate ku Mua, za zipatala za ku Likuni ndi ku Nguludi, ndi za agogo athu amene anaphunzira kuwerenga m'masukulu a mishoni, sitingavomere kuti kusambitsa chilonda ndi ntchito yosiyana ndi ulaliki. Ambuye Yesu anaphunzitsa ndi kuchiritsa pa ulendo umodzi. Mayi wa Chimasai amene mwana wake anapulumuka pa chipatala cha Loliondo anamva mbali ina ya Mthenga womwewo.

Chachiwiri, Amasai a m'bukuli timawamva kudzera m'kamwa mwa mlendo. Mawu ao ndi osalala, okonzedwa bwino m'Chingerezi, ndipo amafika pa nthawi yake yeniyeni kudzathandiza mfundo ya mlembi. Sitikunena kuti anapeka. Tikunena kuti munthu wokonda anthu amatha kuwajambula okongola kuposa m'mene alili, ndipo chithunzi chotere chimabisa mikangano, umphawi ndi kusintha kwa moyo wao.

Chachitatu ndicho chachikulu. Njira ya Bambo Donovan inadalira kwambiri akuluakulu aamuna, pokhulupirira kuti mudzi udzatsata iwo. Koma mu 2005 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Dorothy Hodgson, anasindikiza buku lotchedwa The Church of Women, m'mene anaonetsa kuti ngakhale ansembe a chipani cha Mzimu Woyera analimbikira zaka zambiri kukopa amuna, ambiri amene analowa Mpingo pakati pa Amasai anali amayi. Motero kukoma mtima ndi chikhulupiriro zimene mmishoni sanaziyembekeze zinali zambiri kuposa zimene iye analemba. Aliyense woyang'ana mabenchi a tchalitchi cha parishi yake Lamulungu m'mawa sadzadabwa nazo.

Nanga bukuli likutikhudza bwanji? Tikumbuke kuti amishoni athu oyamba nawonso anadalira chifundo cha anthu osabatizidwa. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, amene anawapatsa malo ndi mfumu Njobvuyalema. Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, m'chikalata chake cha zaumishoni cha mu 1965, unaphunzitsa kuti mbeu za Mawu a Mulungu zimapezeka zobisika m'miyambo ya mitundu ya anthu. Ndipo Apapa Paulo VI, ali ku Kampala mu 1969, anauza Aafirika kuti tsopano ali amishoni kwa iwo eni. Lero ana athu, ansembe ndi asisitere, akutumikira m'maiko ena, ndipo ena a ife tili pa ntchito ku Johannesburg kapena ku London pakati pa anthu a zipembedzo zina ndi osapemphera konse. Yesero lao ndi lomwe lija la Bambo Donovan asanaphunzire: kuganiza kuti Mulungu tamnyamula m'chikwama chathu.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Bambo Donovan anakhulupirira kuti mmishoni, monga Paulo Woyera, ayenera kulalika, kubatiza, ndi kuchoka, kusiyira eni dziko Mpingo wao. Kaya anachoka msanga kapena pa nthawi yake, akatswiri akukambiranabe. Chimene ife tingatenge ndi khalidwe lake lokhala pansi ndi kumvetsera, mpaka kulola kuti nkhalamba yosadziwa kulemba imkonze. Amene amatha Chingerezi aliwerenge bukuli ndi maso otsekuka, alifotokozere anzao pa mphakati, ndipo pamodzi adzifunse kuti pakati pa anansi ao osapemphera nao, ndi angati amene Mulungu anawatuma kudzawaphunzitsa iwo asanazindikire.