Wotchi Yosaonetsa Nthawi: Kuunika Mawu a Okonda Zida za Kompyuta

Ena mwa mawu a makompyuta amene akugogoda pakhomo la Chichewa masiku ano sanabadwire m'mayunivesite. Anakulira pakati pa anthu okonda kumasula makina, kusinthasintha zida zake, ndi kupikisana kuti aone kompyuta ya ndani imamaliza ntchito msanga. Anthu otere anachuluka ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1990, ndipo anali ndi olemba nkhani awoawo. Thomas Pabst, dokotala wa ku Germany, anayambitsa Tom's Hardware mu 1996. Anand Lal Shimpi anayambitsa AnandTech mu 1997 ali mnyamata wa zaka 14, ndipo inakhala ikufalitsa nkhani mpaka mu 2024. Chilankhulo cha anthu amenewa n'chodzala ndi mafanizo, nthabwala ndi mawu achidule amene amamvana okhaokha. Vuto limabuka pamene womasulira atenga fanizo la Chingerezi ngati kuti ndilo dzina lenileni la chinthu, nalisandutsa Chichewa liwu ndi liwu asanafunse kuti chinthucho chimagwira ntchito motani.

Liwu loyenera kuyambirapo ndi "overclocking", chifukwa ndilo limaonetsa vutoli poyera. M'kati mwake muli liwu lakuti "clock", ndipo womasulira wachangu amathamangira ku wotchi kapena koloko. Zikatero wowerenga amaganiza kuti nkhani ndi yopititsa nthawi patsogolo, monga amachitira munthu woopa kuchedwa kuntchito. Koma "clock" ameneyu saonetsa maola. Ndi kugunda kwa magetsi kobwerezabwereza, kochokera ku kamwala ka quartz, kumene kumalamula kuti zida zonse zitenge sitepe pa nthawi imodzi. Kompyuta ya IBM PC ya mu 1981 inkagunda ka 4.77 miliyoni pa sekondi, ndiko kuti 4.77 MHz. Makina a lero amagunda mabiliyoni angapo pa sekondi.

Chichewa sichisowa chithunzi cha zimenezi. Amayi awiri kapena atatu akamasinja mumtondo umodzi, chimene chimawasunga ndi kagundidwe. Munsi wina ukamatuluka, wina ukulowa. Akafulumiza pang'ono, mphale imapsa msanga. Akafulumiza mopyola, minsi imawombana, chimanga n'kutayikira pansi. Momwemonso m'pulosesa: kugunda kulikonse kumafuna kuti magetsi ayende m'tinjira take, afike ndi kukhazikika, kugunda kwina kusanabwere. Kugundako kukachita changu kwambiri, yankho limatengedwa lisanapse, ndipo makina amalakwitsa masamu kapena kungoima. Motero liwu la Chichewa loyenera liyenera kumera pa tsinde la "gunda". "Kagundidwe" akhoza kuimira "clock", ndipo "kupyoletsa kagundidwe" kukhoza kuimira "overclocking", chifukwa "kupyola" kumasunga ganizo la malire amene wopanga anaika.

Ganizo la malire limeneli ndilo mtima wa nkhani, ndipo mbiri ikuchitira umboni. Mu 1998 kampani ya Intel inatulutsa pulosesa yotsika mtengo yotchedwa Celeron 300A. Kagundidwe kake kankapezeka pochulukitsa 66 MHz, kamene kanali kagundidwe ka njira yolumikiza zida, ndi 4.5, zimene zinkapereka pafupifupi 300 MHz. Okonda makina anapeza kuti pa mabodi ena, monga Abit BH6, munthu akakweza 66 uja kufika pa 100, pulosesayo inkagunda 450 MHz, ndipo zambiri zinkagwira ntchito bwinobwino. Apa zinkafanana ndi Pentium II 450, imene inali yokwera mtengo kwambiri. Cha m'ma 2000 ena anapeza kuti pa mapulosesa a Athlon ndi Duron a kampani ya AMD, kulemba ndi pensulo pa timilatho tina todulidwa pamwamba pake kunkatsegula loko amene kampani inaika. Aliyense wa anthu amenewa ankadziwa kuti akudumpha mpanda, ndi kuti makina akapsa palibe kodandaula. Womasulira amene angoti "kufulumizitsa kompyuta" wataya mbali imeneyi. Kufufuta zinthu zosafunika kapena kuika disiki yabwino nako kumafulumizitsa kompyuta, koma sikupyoletsa kagundidwe.

Wina angafunse kuti zimatheka bwanji chida chimodzi kupirira katundu woposa amene analembedwa pa icho. Yankho lili m'kasankhidwe. Mapulosesa amadulidwa ambiri pa chimbale chimodzi cha silicon, koma satuluka ofanana. Fakitale imawayesa n'kuwagawa m'magulu, ndipo nthawi zina chida chabwino chimagulitsidwa m'gulu lotsika chifukwa ndiko kuli msika. Achingerezi amati "binning", potengera nkhungwa zoponyamo zinthu. Mlimi wa fodya angamve msanga akauzidwa kuti ndi kusankha m'magiredi, pakuti masamba a m'munda umodzi salowa m'belo limodzi. Palibe chifukwa chopangira liwu latsopano pamene "kusankha" ndi "giredi" alipo kale ndipo akunena zenizeni.

Cholakwa chachiwiri n'chobisika kuposa choyamba, ndipo chimapezeka ngakhale m'zolemba za anthu osamala. Ndicho kutcha nambala ya MHz kapena GHz "liwiro la kompyuta". Achingerezi eni ake ndiwo anayamba kusokoneza potchula "clock speed", ndipo otsatsa malonda anakondwa nazo. Koma kuchuluka kwa kugunda sikunena kuchuluka kwa ntchito imene yachitika pa kugunda kumodzi. Mu 2001 AMD inatcha pulosesa yake ina Athlon XP 1800+ ngakhale inkagunda 1533 MHz, pofuna kunena kuti ntchito yake inkaposa zimene nambala ya kagundidwe inkaonetsa. Pentium 4 ya Intel inafika pa 3.8 GHz mu 2004, koma mapulosesa amene anailowa m'malo mu 2006, a mtundu wa Core 2, ankagunda mocheperapo n'kumamaliza ntchito yambiri. Kuthamanga si kufika. Pamenepa Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chinataya: chikhoza kusunga "kagundidwe" pa nambala ya GHz, ndi kusunga "liwiro" pa kutha kwa ntchito. Mphunzitsi amene asiyanitsa mawu awiriwa wapulumutsa wophunzira wake kwa wogulitsa wochenjera, amene amaloza nambala yaikulu pa kompyuta yakale n'kumati imeneyi ndiyo yamphamvu.

Pali kanthu kena kakang'ono koyenera kuchenjezapo akonzi. Kupyoletsa kagundidwe kumayendera limodzi ndi kukweza mphamvu ya magetsi, ndipo apa ndi pamene pamachokera kutentha, chifukwa kutenthako kumakwera msanga kuposa mphamvuyo. Muyeso wake pa Chingerezi ndi "volt". Wolemba akalisandutsa "voti", zochuluka zake zimakhala "mavoti", ndipo wowerenga amaona chisankho cha aphungu m'kati mwa kompyuta. "Voliti" ndi "mavoliti" akuchotsa chisokonezocho. Za kutenthako, akatswiri a mipikisano amathira nitrogen yamadzi, imene imazizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo mu Disembala 2022 gulu lina linapyoletsa 9 GHz pa Intel Core i9-13900K pogwiritsa ntchito helium yamadzi, yozizira koposa. Mayina a zinthu ziwirizi ndi a sayansi, ndipo n'kwanzeru kuwasiya momwe alili kufikira aphunzitsi a sayansi atagwirizana kalembedwe kamodzi.

Liwu lakuti "memory" ndilo lavulaza anthu ambiri. Wina amaliyandikiza ku "chikumbumtima", limene pa Chichewa limanena za mtima wotsutsa munthu akalakwa, osati kusunga zinthu. Wina amangoti "memore", ndipo liwu limeneli lazika kale mizu chifukwa cha timakhadi ta m'mafoni. Koma "memore" wa m'foni ndi malo osungiramo nyimbo ndi zithunzi, pamene "memory" wa okonda makompyuta ndi RAM, malo ogwirirapo ntchito amene amaiwala zonse magetsi akangozima. Zinthu ziwirizi n'zosiyana monga nkhokwe ndi lichero. M'nkhokwe chimanga chimakhala chaka chonse. Pa lichero pamakhala chokhacho chimene akupeta panthawiyo, ndipo lichero likachepa wopeta amabwerera kunkhokwe kawirikawiri, ntchito n'kuchedwa. Munthu amene sanamve kusiyana kumeneku amagula disiki yaikulu pamene vuto lake ndi RAM yochepa, kapena amadabwa kuti kalata imene anali kulemba yapita kuti magetsi atazima. "Nkhokwe" ndi liwu lokwanira pa disiki. Pa RAM, chidule cha Chingerezi chikhale, koma buku lililonse lophunzitsira lichifotokoze ndi fanizo la lichero pa tsamba limene chaonekera koyamba.

Pa pulosesa, mawu akuti "ubongo wa kompyuta" ndi okoma m'khutu ndipo sangachotsedwe. Ngati fanizo la tsiku loyamba m'kalasi alibe chifukwa. Ngati dzina ndi ofooka, pakuti ubongo wa munthu umaganiza ndi kukumbukira pamodzi, pamene pulosesa imangotsata malangizo, ndipo zambiri zimene ikugwirapo ntchito zimasungidwa kwina. Ndiponso kompyuta ya masiku ano imakhala ndi pulosesa ina ya zithunzi, imene okonda masewera amaigula pa mtengo woposa wa pulosesa yaikulu, kotero wolemba angakakamizike kunena za ubongo wachiwiri. Kubwereka liwu kuli bwino apa.

"Motherboard" safuna mkangano wautali. Kutchula mayi m'dzina la chidachi n'kutengera fanizo limene ngakhale eni ake sanagwirizanepo: Apple imati "logic board", ndipo IBM inkati "system board". Amisiri okonza mafoni ndi makompyuta amangoti "bodi", ndipo "bodi yaikulu" n'zokwanira m'buku.

Chovutirapo ndi "operating system". Mawu akuti "dongosolo loyendetsera" amatsata Chingerezi mokhulupirika koma sauza wowerenga kuti chinthucho ndi pulogalamu. Windows, macOS ndi Linux, imene phata lake Linus Torvalds anayamba kulemba ku Helsinki mu 1991, zonse zimagwira ntchito ya kapitawo: kugawira mapulogalamu ena nthawi ya pulosesa, malo mu RAM ndi njira yofikira ku nkhokwe. "Pulogalamu yoyang'anira" ikunena ntchito imeneyi mwachindunji. N'zoona kuti ndi yaitali, koma "pulogalamu" yokha yatenga kale mbali yaikulu ya utaliwo, ndipo liwu limeneli Achewa analilandira kale kudzera pa wailesi.

Pa kalembedwe, lamulo lodziwika likuti "r" amabwera pambuyo pa "i" kapena "e", ndipo kwina konse kumakhala "l". Potsata lamuloli kalembedwe ndi "pulosesa", "pulogalamu", "pulinta", koma "sikirini". "Purosesa" amaoneka kawirikawiri chifukwa diso la wolemba lidakali pa Chingerezi. Mayina a makampani ndi a katundu, monga Intel, Celeron ndi Athlon, sasinthidwa, ndipo zizindikiro za miyeso monga MHz ndi GHz zikhale momwe dziko lonse limazilembera. Kulemba "mhz" ndi kulakwa, chifukwa pa zizindikirozi "M" wamkulu ndi "m" wamng'ono amatanthauza zinthu zosiyana. Chimene chikadasokonekera ndi mphatikiram'mbuyo wa zochuluka pa mawu achidule. M'nkhani imodzi munthu amatha kupeza "ma CPU", "maCPU" ndi "ma-CPU". Kalembedwe kokhala ndi kamzere kali ndi ubwino wakuti kamasonyeza kuti "ma" ndi mbali ya liwulo popanda kuphimba chidulecho, koma chachikulu n'chakuti mkonzi asankhe kamodzi ndi kukasunga m'buku lonse.

Wolemba ayeneranso kudziwa kuti liwu limene akulimasulira lasintha tanthauzo kuyambira nthawi ya Celeron 300A. Kuyambira mu 2008 mapulosesa a Intel anayamba kudzikwezera okha kagundidwe pamene kutentha kwalola, njira yotchedwa Turbo Boost, ndipo AMD ili ndi njira yake yofanana nayo. Makampani anayambanso kugulitsa mapulosesa otsegulidwa kale, monga a Intel okhala ndi chilembo K kumapeto kwa dzina, pa mtengo wokwererapo. Chimene chinali kudumpha mpanda chasanduka chipata cholipira. Choncho pakufunika mawu awiri: "kupyoletsa kagundidwe" pamene mwini makina wadutsa malire a wopanga, ndi "kudzikwezera kagundidwe" pamene makina achita okha m'kati mwa malirewo. Pabukanso chizolowezi china, cha "undervolting", ndiko kutsitsa mavoliti kuti makina azizire ndi kudya magetsi ochepa. Kwa munthu amene kompyuta yake imadalira batire kapena sola, liwu limeneli n'lofunika kuposa mnzake uja, ndipo "kutsitsa mavoliti" kwalimasulira kale popanda chotsalira.