Buku la Mwezi Umodzi

Ku America kunabuka mwambo wina wa alembi umene tiyenera kuupenda bwino, pakuti ukhudza munthu aliyense amene waphunzira kugwira colembera, nayamba kulakalaka kulemba nkhani yaitali. M'caka ca 1999 munthu wina dzina lake Chris Baty, wa kufupi ndi mzinda wa San Francisco, anapangana ndi anzake kuti aliyense alembe buku la nkhani yopeka m'mwezi umodzi wokha. Onse pamodzi anali anthu 21. Caka cotsatira anasankha mwezi wa November, pamene kwaoko kumazizira ndipo anthu amabindikira m'nyumba. Mwambowo unachedwa NaNoWriMo, ndipo unafala m'maiko ambiri. Bungwe limene linkautsogolera linatsekedwa m'caka ca 2025, koma pangano lotere munthu akhoza kulisunga ndi mnzake popanda bungwe.

Lamulo lake linali lapafupi. Mlembi alembe mau 50,000 m'masiku 30, ndiko kuti mau 1,667 tsiku ndi tsiku, ndipo analangizidwa kuti asabwerere m'mbuyo kukakonza zolakwa.

Pa langizo limeneli ndigwirizana nao ndi mtima wonse. Inu amene mwayesapo kulemba kalata mudziwa cimene cimacitika. Mulemba mzere woyamba, muuyang'ana, muona kuti suli bwino, mung'amba pepalalo. Mpaka nyali izima mafuta atatha, kalata isanalembedwe. Mdani wamkulu wa mlembi watsopano ndiye manyazi, ndipo masiku owerengeka amathamangitsa manyaziwo. Munthu wothawa mvula sasankha poponda. Tsono mwa kufulumira komweko zimatuluka zinthu zimene mlembiyo sanadziwe kuti zili m'mutu mwake. Mai Erin Morgenstern anatopa nao anthu a m'nkhani yao, nangowatumiza kukaonera masewero odabwitsa ocitikira m'mahema. M'menemo ndimo munacokera buku lao lochuka la The Night Circus.

Komatu bukulo linasindikizidwa m'caka ca 2011, patapita zaka zingapo maiwo akulilemba ndi kulilembanso. Cimene November anawapatsa cinali dothi louumbira, osati mbiya. Apa ndipo mwambowu unasokeretsa ambiri, cifukwa munthu aliyense wofika pa mau 50,000 ankachedwa wopambana. Panalibe woweruza wowerenga nkhaniyo. Makina ankangowerenga kucuruka kwa mau. Mlembi wocenjera akanatha kuyendetsa munthu wa m'nkhani yake kupita kumsika ndi kubwerako kasanu popanda cifukwa, nalandira ulemu wofanana ndi wa mnzake amene anasinkhasinkha. Makolo anati kuthamanga si kufika, ndipo ine ndiona kuti muyeso wotere uphunzitsa mlembi kukonda kubwereza mau, cizolowezi cimene cimavuta kucileka.

Mpikisano pa wokha si cinthu coipa. Buku la Nthondo, limene analemba Bambo Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, linalandira mphotho m'caka ca 1933 pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Afrika wokonzedwa ku London. Naonso anali nalo tsiku lomariza kutumiza. Kusiyana kwake nkwakuti kumeneko kunali anthu amene anawerenga moyo wa Nthondo kuyambira kubadwa kwake mpaka imfa yake, naweruza nkhaniyo osati kulemera kwa mapepala.

Palinso cina cimene mlembi wa cinenero cathu ayenera kucidziwa asanadzimangirire pa ciwerengero ca eni akewo. Muyeso wa mau 50,000 unayesedwa pa Cingerezi, cimene cili ndi timau tating'onoting'ono tambiri. Ife tikati "sindinamuone" talemba liu limodzi, pamene Mngerezi afuna mau asanu kuti anene comweco. Cotero wolemba mau 50,000 m'Cinyanja wasenza mtolo wolemera koposa wa mnzake wa ku San Francisco, ndipo akalephera adzadziyesa waulesi pamene sanali waulesi ai. Ngakhale mweziwo sutiyenera: November kwathu kuno ndiyo nthawi ya mvula yoyamba, pamene dzanja limene likanagwira colembera lili pa khasu kuyambira mbandakuca. Wofuna kuyesa angacite bwino kusankha mwezi wa July, cimanga cili m'nkhokwe, ndi kuwerenga masamba a m'kope lake m'malo mwa mau: masamba atatu usiku uliwonse, ndipo pakutha pa mwezi apereke kopelo kwa mnzake wodziwa kuwerenga, amene sadzaopa kumuuza pamene nkhaniyo inayamba kumgonetsa tulo.